Ndere m'Madzi a Makolo: Mbiri ya Chitsime, Dambo ndi Mtsinje ku Angónia

Pa 11 Juni 1891, mu mzinda wa Lisbon, nthumwi za maboma a Britain ndi Portugal zidapangana kuti malire a maiko awo m'chigawo chathu chino atsate msana wa mapiri umene ugawa madzi a mvula, kotero kuti mitsinje yotsikira kum'mawa, monga Linthipe, Livulezi ndi Rivirivi, imene ithira m'nyanja ya Malawi ndi m'Shire, idagwera m'manja mwa Angerezi, pamene Revubwe ndi timitsinje take tonse, zotsikira kumwera kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, zidatsala kwa Apwitikizi. Mzere umenewo, umene woyenda pa msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu atsagana nawo kufikira lero lino, udadula pakati dziko la Achewa ndi ufumu wa Angoni a kwa Maseko amene adakhazikika patsinde pa phiri la Domwe cha m'ma 1870. Koma ungakhale udagawa mbumba, minda ndi manda, madzi sudathe kuwalekanitsa, pakuti Shire ndi Zambezi zikomananso kunsi kwa Mutarara, nizipita pamodzi ku nyanja ya mchere. Ife a ku Angónia, a ku Ulongwe, ku Lifidzi ndi ku Tsangano, okhala pa mtunda wa mamita oposa 1,000 m'munsi mwa Domwe wa mamita 2,095, tidapatsidwa kukhala kumutu kwa madzi, ndipo chimene tichita ndi kasupe wa kuseri kwa mudzi chimveka kwa anthu amene sitidzawaona nkhope.

Mbiri imene ndifuna kuilongosola ndi ya chinthu chonyozeka, chimene olemba za mafumu ndi nkhondo sachiwerengera, ndicho ndere, pamodzi ndi udzu woyandama umene utseka mitsinje. Ndere zili za mitundumitundu: zina ziterera pa miyala ya pa khwawa, zina zitambalala ngati ulusi wobiriwira pa dziwe losayenda, zina n'zazing'ono zosaoneka ndi maso koma zisandutsa madzi onse kukhala obiriwira, ndipo zina, zimene ziyandama ngati mafuta m'nyengo yotentha, zili ndi poizoni wopha chiweto ndi kudwalitsa munthu. Namalenga sadazilenge pachabe, pakuti ndizo chakudya choyamba cha zamoyo za m'madzi, ndipo popanda izo sipakadakhala matemba kapena chambo. Zisanduka mliri pokhapo pamene zinthu zitatu zikomana, ndizo dzuwa lowomba madzi opanda mthunzi, chonde chochuluka chokokoloka kumtunda, ndi kutha kwa tizilombo ndi nsomba zimene zimazidya. Wodziwa zitatu zimenezi wagwira mutu wa mbiri yonse imene itsatira.

Makolo athu sadali kutchula nayitirojeni kapena fosifolasi, koma mwambo umene adaika pa madzi udatseka makomo onse atatuwo. Mudzi uliwonse udali ndi chitsime chake m'mphepete mwa dambo, ndipo chitsimecho chidali ndi malamulo ake odziwika kwa mwana aliyense: chidali ndi chikho chake chotungira, mphika wamwaye sudali kuviikidwamo, munthu sadali kusamba kapena kuchapa pakamwa pake, ndipo ng'ombe, zimene Angoni adaziweta zambiri m'dziko lino la msipu, zidali ndi pomwera pake kunsi. Pa mtsinje padalinso dongosolo lomwelo, lakuti kumtunda n'kotunga madzi akumwa, kenaka posambira amuna ndi posambira akazi, ndipo kunsi kwenikweni n'koviika zikopa ndi komwetsa ziweto. Mitengo ya katope ndi mikuyu yoima pa kasupe nkhwangwa sidali kuikhudza, ndipo bango ndi udzu wa m'mbali mwa madzi zidali kusiyidwa, khasu nkulekezera patali. Ana akafunsa chifukwa chake, ntchembere zidali kungoyankha kuti chitsime chidzaphwa, kapena kuti mizimu idzakwiya. Koma m'kati mwa yankho lalifupilo mudali nzeru yaitali, pakuti mthunzi wa katope udali kumana ndere dzuwa, mizu ya bango idali kusefa matope ndi ndowe zisanafike m'madzi, ndipo nkhono, nkhanu, ambululu ndi matemba zidali kutsala ndi mtendere kuti zidye zimene zamera.

Mwambo waukulu udali wa kukapa chitsime. Chilimwe chikafika pachimake, madzi atatsika, mitambo ya mvula yoyamba isadasonkhane, nyakwawa idali kumema mudzi, ndipo tsiku lopanganalo amuna adali kulowa m'chitsime ndi makasu kufukula matope, masamba ovunda ndi ndere, akazi nakhala pamzere kulandirana mitsuko ndi kukataya zonyansazo kutali, kumene mvula sikadazibweza. Ntchitoyo idali kutha madzi atayambanso kutumphuka oyera pa mchenga. Palibe adali kulipidwa, ndipo banja lojomba popanda chifukwa lidali ndi mlandu pa bwalo, popeza mutu umodzi susenza denga, ndipo womwa nawo ayenera kukapa nawo. Ulemu umenewu wa pa madzi udali ndi muzu wake m'chipembedzo cha Achewa, pakuti ku Msinja, patsinde pa mapiri a Dzalanyama amene tigawana ndi abale athu a ku Lilongwe, kumene Makewana adali kupempherera mtundu wonse mvula, kudali dziwe lopatulika lotchedwa Malawi, limene munthu wamba sadali kuliyandikira mwachisawawa. Anthu amene adaphunzira kuopa dziwe limodzi chifukwa cha Chauta adaphunziranso kulemekeza zitsime za kwawo. Sindinena kuti masiku amenewo adali opanda chilema, pakuti katupe, amene apha nsomba ndi mazira ake omwe, makolo adamdziwa ndipo adamthira m'maiwe; koma anthu adali ochepa, madambo adali otakasuka, ndipo dziwe lovulazidwa lidali ndi nthawi yakuchira.

Chimene ntchembere zathu zidadziwa mwa mwambo, anzeru a ku Ulaya adachipeza mwa kuyesa, ndipo adachipeza m'chotengera chagalasi. Mu 1849 katswiri wina wa mankhwala wa ku London, dzina lake Robert Warington, adaika nsomba ziwiri zofiira m'madzi pamodzi ndi chomera cha m'madzi, pofuna kuona ngati mpweya wotuluka m'chomeracho ungasunge nsombazo popanda kusintha madzi. Poyamba zidayenda bwino. Koma masamba akale atayamba kuvunda, madzi adachita chimbuuzi, ndere nizikuta galasi ndi chomera chomwe, kufikira iye adaponyamo nkhono zowerengeka za m'dziwe, zimene zidadya zovundazo ndi nderezo, madzi nayeranso. Adafotokoza zimenezi pamaso pa anzake mu 1850, ndipo mu 1853 nyumba yoyamba yoonetsera anthu nsomba zamoyo m'magalasi idatsegulidwa kumalo osungira nyama ku London. Kuyambira pomwepo kuweta nsomba m'mathanki agalasi kudafalikira m'maiko ambiri, ndipo lero nsomba zokongola za m'nyanja ya Malawi, makamaka mbuna, zipezeka m'nyumba za ku Germany, ku America ndi ku Japan. Mbunazo nazo ndi mboni ya nkhani yathu, pakuti monga adaonetsera Geoffrey Fryer, amene adaziphunzira ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, zambiri mwa izo zikhalira kupala ndere pa matanthwe, mtundu uliwonse ndi mano ake ndi kapalidwe kake.

Ovutika koposa ndi ndere ndi iwo oweta zamoyo za m'nyanja ya mchere, amene ayesa kusunga m'thanki matanthwe amoyo otchedwa makorali. Makorali afuna kuwala kwamphamvu ndi madzi ofunda osowa chonde, ndipo kuwala komweko ndiko ndere zikufuna. Choncho mwini thanki akangoonjeza chakudya cha nsomba, kapena akathiramo madzi a pa mpopi osasefa bwino, ayamba kuona utoto wofiirira pa mchenga, kenaka tsitsi lobiriwira pa miyala, kenaka ntchofu zofiira zokuta makorali kufikira afa. Woyamba kumene athamangira mankhwala, ndipo ndere zikafa zivundira momwemo ndi kusanduka chakudya cha zinzake zobwera pambuyo. Wozolowera achita zina: achepetsa chakudya, ayesa nayitirojeni ndi fosifolasi wa m'madzi, achotsa gawo la madzi akale ndi kuthiramo atsopano osefedwa, azula ndere ndi manja ndi kuzitaya kunja, achepetsa maola a nyale, aikamo nkhono ndi nsomba zodya ndere, kenaka adikira miyezi modekha. Woona bwino azindikira kuti munthu ameneyu, ndi zipangizo zake zonse za magetsi, achita zomwe zija nyakwawa idali kulamula pa chitsime.

Nyanja yaikulu nayo idaphunzitsa anthu phunziro lomweli, koma pa mtengo wowawa. Ku Jamaica, kumene asodzi adali atatha kale nsomba zodya ndere, matanthwe a makorali adali kusungidwa ndi tinyama taminga ta pansi pa nyanja. Ndipo mu 1983 mliri utapha pafupifupi tonse, ndere zidakwera pa matanthwewo, kotero kuti makorali amene adakuta theka la malowo m'zaka za m'ma 1970 adatsala osakwana magawo 5 mwa 100 pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Ku Monaco, mu 1984, kudaoneka pansi pa nyanja, kunsi kwa nyumba yoonetsera zamoyo za m'madzi, kachigamba ka mita imodzi ka ndere zotchedwa Caulerpa taxifolia, zimene anthu adazikonda m'mathanki chifukwa cha kukongola ndi kupirira kwake. Ndipo zisadathe zaka 20 zidakuta mahekitala oposa 13,000 m'magombe a maiko asanu ndi limodzi a m'nyanja ya Mediterranean. Pamene ndere zomwezo zidaoneka ku California mu 2000, eni dziko sadazengereze, adazivundikira ndi malona ndi kuzipha zisadafalikire, ndipo mu 2006 adalengeza kuti zatha. Kusiyana kwa Monaco ndi California kudali kwakuti ena adakangana zaka zambiri, ena adagwira khasu tsiku lomwelo.

Tibwerere tsopano ku mtsinje wathu wa Zambezi, pakuti zazikulu zidachitikira pomwepo. Mu Disembala 1958 khoma la Kariba lidatsekedwa, ndipo madzi adayamba kumiza chigwa chimene Atonga okwana 57,000 adasamutsidwamo mokakamiza. Nkhalango, minda, makola ndi mabwinja zidavundira pansi pa madzi, nizitulutsa chonde chimene nthaka idasunga mibadwomibadwo. Ndipo kachomera koyandama kochokera ku Brazil, kamene ophunzira adakatcha pambuyo pake Salvinia molesta, katapeza madzi odikha odzala chakudya, kopanda mdani wokadya, kadaswana kufikira mu 1962 kadakuta masikweya kilomita pafupifupi 1,000, ndiwo magawo 22 mwa 100 a nyanja yonse. Mabwato adakanika kuyenda m'magombe, maukonde adakodwa, ndipo pansi pa chophimbacho madzi adasowa mpweya. Maboma adaitanitsa ziwala za ku South America zodya chomeracho, ndipo zidathandizako. Koma chimene chidachigonjetsa kwenikweni ndi njala, pakuti m'kupita kwa zaka chonde cha nkhalango yomira chidatha, china chidatsika ndi mtsinje, china chidalowa m'matupi a zamoyo zatsopano, monga kapenta amene adatengedwa ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968. Pofika zaka za m'ma 1980 udzuwo udatsala m'makona owerengeka.

Mlendo wachiwiri, amene sadachoke, ndiye namasupuni. Kwawo ndi ku mtsinje wa Amazon, ndipo sadayende yekha, adanyamulidwa ndi anthu okopeka ndi duwa lake lofiirira. Adaonetsedwa pa chionetsero cha ku New Orleans mu 1884, nabzalidwa m'maiwe okongoletsa nyumba za olemera m'maiko otentha, kufikira mu 1937 adaoneka mu mtsinje wa Mukuvisi, mu mzinda umene lero ndi Harare. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chomera chimenechi, pa madzi achonde, chiwirikiza kuchuluka kwake m'masabata awiri okha, ndipo njere zake zikhala zamoyo m'matope zaka zoposa 15. Damu la Chivero, lomangidwa mu 1952 kuti limwetse Harare, lidaikidwa kunsi kwa mzinda womwewo, kotero kuti zonyansa za m'mipope ya mzindawo zitsikira m'madzi amene anthu ake amwa. Ndipo ngakhale adapopera mankhwala kambirimbiri, namasupuni ndi ndere zidabwerera nthawi zonse, popeza chakudya chake sichidaleke kufika. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zidafa zitamwa madzi a m'damulo odzala ndere zapoizoni. Nkhani imeneyi si ya kutali ndi ife, pakuti mtsinje wa Manyame, umene utuluka m'Chivero, ulowa m'chigawo chathu cha Tete ndi kuthira m'nyanja ya Cahora Bassa.

Pamene khoma la Cahora Bassa, limene lidayamba kumangidwa ku Songo mu 1969, lidatsekedwa mu Disembala 1974, ophunzira za madzi, pokumbukira Kariba, adachenjeza kuti udzu woyandama udzadzaza nyanja yatsopanoyo. Namasupuni adaonekadi m'magombe ake, koma sadafike pa muyeso wa zimene zidachitika ku Kariba, popeza kukwera ndi kutsika kwa madzi kudali kumsiya pa mtunda kuti aume. Chovuta chidaonekera kunsi. Chiyambire kale Zambezi adali kusefukira chaka ndi chaka, ndipo chigumula chimenecho, chimene alimi a m'mphepete adali kuchiyembekezera chifukwa cha nthaka yatsopano, chidalinso tsache losesa udzu m'timitsinje ndi m'madambo a kumatsiriro. Makoma awiri atachiletsa, njira zambiri za madzi za kumeneko zidatsekeka ndi udzu, ndipo asodzi a nsomba ndi a nkhanu za m'nyanja adaona zokolola zawo zilikuchepa.

Ku Shire, namasupuni adafika m'madambo a ku Nsanje ndi Chikwawa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1990 adaoneka kumtunda, ku Mangochi ndi ku nyanja ya Malombe. Pamenepo ndipo dziko lonse la Malawi lidamdziwa, pakuti magetsi ake pafupifupi onse adali kuchokera pa mtsinje umodziwo, ku Nkula kumene makina adayamba mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Ndipo zisumbu za udzu zoyandama zikadutsa pa Liwonde ndi kukatseka zisefa za makinawo, mizinda idali kugona mu mdima, zigayo nkuima. A nthambi ya za nsomba adabweretsa anankafumbwe a ku South America oboola mapesi a namasupuni, ndipo m'malo ambiri adamfooketsa; pakati pa 2013 ndi 2018 thandizo la boma la America la madola 350.7 miliyoni, lokonzera magetsi, lidagulanso makina okolola udzu ndi okumba matope. Koma makina akolola chimene chamera kale, ndipo chimene chimeretsa chitsika ndi mvula iliyonse kuchokera m'minda ya m'mapiri, ina mwa iyo ya abale athu a ku Ntcheu ndi ku Neno olima tsidya lina la msana womwewu.

Nanga kwathu kuno zidayenda bwanji? M'masiku a Apwitikizi, pamene Ulongwe adali kutchedwa Vila Coutinho, atsamunda adaona kuti dziko lino n'lozizira ndi lachonde, natenga minda yabwino kulimamo chimanga, tirigu ndi mbatata ya kachewere, pamene amuna a m'midzi, pothawa chibalo ndi msonkho, adali kupita ku Nyasaland, ku Rhodesia ndi ku Joni, midzi nkutsala ndi akazi ndi okalamba. Ufulu utabwera mu 1975, minda imene atsamunda adaisiya idasonkhanitsidwa m'munda waukulu wa boma wotchedwa CAIA, wa mathirakitala ndi feteleza, umene sudakhalitse. Kenaka idadza nkhondo ya pachiweniweni, imene idakula kuno pakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo makamaka kuyambira 1986 midzi yathunthu idawoloka malire kukakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, pakati pa othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi amene Malawi adawalandira. Zitsime za makolo zidakwiririka, ndipo ana obadwira ku misasa adakula akutunga pa mjigo, osaonapo chitsime chilikukapidwa. Pangano la mtendere litalembedwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu adabwerera ndi njala ya nthaka, ndipo sitingawadzudzule kuti chimene adayamba kufuna ndi chakudya. Koma mwambo umene udaduka zaka zimenezo sudalumikizidwe wonse.

M'zaka zotsatira Angónia adabwerera pa ulemerero wake wa kukhala nkhokwe ya chigawo cha Tete. Fodya adafalikira, ndipo zigafa zake zidadya mitengo. Madimba a kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi adatsika kufikira pakamwa pa mtsinje, mapampu nakoka madzi chilimwe chonse. Matumba a feteleza wa 12-24-12 ndi wa yureya adalowa m'midzi imene kale idadziwa manyowa okha. Zonsezi zidabweretsa malata pa nyumba, njinga zamoto ndi ana kusukulu, ndipo wonyoza phindu limeneli sadagonepo ndi njala. Koma feteleza wowazidwa pamwamba mvula yamkuntho ili pafupi sakhala m'munda, atsika ndi nthaka kukadyetsa ndere. Katope wodulidwa asiya kasupe pa dzuwa. Ndipo masikito opatsidwa kuti ateteze ana ku malungo, akasanduka ukonde, akokolola ndi timatemba tomwe tosayenera kugwidwa. Makomo atatu aja amene makolo adatseka tawatsegula onse nthawi imodzi, ndipo wodutsa pa madambo athu mwezi wa Okutobala aona yekha maiwe okutidwa ndi ulusi wobiriwira pamene kale padali kuoneka mchenga wa pansi.

Alimi a nsomba ndiwo asunga nzeru ya muyeso m'masiku athu ano, ndipo tiyenera kuwamvera. Ulimi wa m'maiwe okumba udayamba kuphunzitsidwa m'chigawo chino cha Africa m'zaka za m'ma 1950, pamene ku Nyasaland kudatsegulidwa malo oyesera ku Nchenachena ndi ku Domasi, ndipo lero maiwe otere apezeka m'midzi ya kumapiri mbali zonse ziwiri za malire. Mlimi wa nsomba safuna madzi oyera mbee, pakuti makumba adya ndere zazing'ono zija zobiriwitsa madzi, ndipo chifukwa chake athiramo manyowa mwadala. Koma alangizi amphunzitsa kuviika mkono kufikira m'chigongono, ndipo chikhatho chikabisika mkono usadafike pamenepo, adziwa kuti manyowa achuluka ndipo aleka kuthira. Akanyalanyaza, ndere zimene usana zitulutsa mpweya zidzaumaliza usiku, ndipo m'bandakucha adzapeza nsomba zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi, zina zitafa. Ulusi wobiriwira ukayamba kuyala, auvuula ndi manja, nasunganso chilunguni, nsomba yodya masamba ndi udzu, kuti imthandize. Munthu ameneyu sadana ndi ndere ndipo saziopa. Aziweta monga aweta nsomba zake, podziwa kuti phindu ndi tsoka zisiyana pa muyeso wokha.

Chiweruzo cha mbiri imeneyi n'chimodzi, kuyambira m'galasi la Warington kufikira ku Kariba, ku Chivero ndi ku Liwonde: palibe mankhwala kapena makina amene adagonjetsa ndere ndi udzu wa m'madzi pamene chakudya chake chidali chifikire ndi adani ake atatha, ndipo kulikonse kumene anthu adachedwa, adalipira kochuluka, pakuti madzi akatayika saoleka. Maiko olemera alipira ndi mamiliyoni. Ife, amene tilibe mamiliyoniwo, tidzalipira ndi matenda a m'mimba mwa ana athu, ndi ng'ombe zakufa pa dziwe, ndi mtunda wautali umene amayi adzayenda ndi ndowa pamutu.

Chifukwa chake ndipempha inu mafumu ndi nyakwawa, inu eni mbumba ndi ntchembere, inu aphunzitsi, alangizi ndi akulu a mipingo, kuti mwambo wa madzi muubweze pa bwalo nthawi ikadalipo, tisadzafike ku mtsinje wa Tinkanena umene udathera mu Siizi. Dimba lilekezere patali ndi madzi, pakati patsale mpanda wa bango, udzu ndi mitengo. Pa kasupe aliyense pabzalidwe katope ndi mkuyu, ndipo woudula ayankhe mlandu. Feteleza akwiriridwe pa phando, asawazidwe pamwamba. Chopopera mankhwala chisatsukidwe mu mtsinje. Chimbudzi ndi khola zikhale kunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Katupe ndi masikito zichoke m'maiwe. Munthu asanyamule chomera cha m'madzi chachilendo kukaika kwawo chifukwa cha duwa lake, ndipo namasupuni akangooneka pa damu la mudzi azulidwe tsiku lomwelo, aumitsidwe pa mtunda ndi kutenthedwa. Ndipo chaka chino, mvula isadagwe, mudzi uliwonse umene uli ndi chitsime upangane tsiku lokapa, ndipo ana apite nawo kuti aone ndi maso awo momwe ntchitoyo igwiridwira.